Tikiti Yachiwiri ya ku Bali

Lolemba

Mwayi wagogoda. Amalume akupita ku Bali mwezi wamawa, kumsonkhano wa kuntchito kwawo, ndipo ali ndi tikiti yachiwiri. Chilumba cha ku Indonesia, hotela yoti chipinda chilichonse chili ndi dziwe lakelake losambiramo, nyanja pakhomo. Anti, akazi awo, akana. Akuti: "Pitani nokha, ine ndili ndi sukuma wanga wofunika kuthirira." Sukuma ndi ndiwo zamasamba za kuno, zonga repu. Amalume apukusa mutu n'kundiloza ndi supuni: "Mukapanda kusintha maganizo pofika Lachisanu, nditumiza dzina la uyu."

Uyuyo ndine!

Chichokereni ku Zomba ndi digiri yanga ndangokhala muno m'Madaraka, dera la mumzinda wa kudziko la eni kumene Amalume amagwira ntchito, kutsuka mbale ndi kutumiza ma CV kumaofesi osayankha. Kumsonkhanoko kukakhala mabwana okhaokha. Bwana ali m'kabudula pamchenga sangandiuze kuti "tidzakuimbirani".

Ntchito yanga sabata ino ndi imodzi: Anti asasinthe maganizo. Sindinama ayi. Ndingowaonetsa zoona zokhazokha, koma zosankha bwino.

Lachiwiri

Ndakwera matatu, minibasi ya kuno, mpaka kukaunjika, amene kuno amati mitumba. Ndagula:
chipewa chachikulu ngati lichero
magalasi akuda
diresi lachikasu, loti ngakhale wapampando wa msonkhano atembenuke.

Madzulo ndikuyamba ndi mafunde. Ndikuwaonetsa Anti pa foni: madzi otalika kuposa nyumba, anthu ataimirira pathabwa, kenako phuu, thabwa uko, mwini wake uko. Ndikuyembekezera kuti agwira pamtima.

Akuseka mpaka misozi. Akuti ndibwezere pamene mzungu wadazi uja akugwa chagada. Ndabwezera, ndabwezeranso, mpunga wapserera pamoto. Kenako funso: "Ndiye munthu akhoza kukhala pamthunzi n'kumangoonerera anthu akugwa chonchi tsiku lonse, osalipira?"

Sindinalikonde funso limeneli.

Ine ndayeserera kuimirira pa tebulo lositira ngati a pathabwa aja, kuti ndikafika ndisakaoneke mlendo. Mwendo umodzi wa tebulolo wapindika. Ndalibisa kuseri kwa chitseko.

Lachitatu

Lero chipembedzo. Apa ndiye sindingaphonye. Anti ndi mayi wa pemphero, ndi amene amakonza maluwa kutchalitchi, ndipo sadya asanadalitse ngakhale mtedza. Ndikuwauza modekha kuti anthu a ku Bali ambiri ndi Ahindu, akachisi awo ali paliponse, ndipo m'mawa uliwonse amaika pakhomo timadengu ta masamba a kanjedza, muli maluwa ndi kampunga, monga nsembe.

Anti avala magalasi awo owerengera. Akulitsa chithunzi ndi zala. Ine mtima uli m'malo. Kenako: "Taona kalukidwe kake. Tsiku lililonse? Amayi amenewa manja awo ndi odala. Zopembedza ndi zawo, ine ndili ndi Yesu wanga, koma kadengu aka ndikufuna andiphunzitse."

Kuti ndikonze zinthu, ndikuwonjezera kuti malamulo ake ndi ovuta: sulowa m'kachisi popanda kumanga nsalu m'chiuno, mkazi kaya mwamuna.

"Nsalu? Chitenje?"

Ndavomera.

"Ndi amuna omwe? Amalume ako, ndi mimba imene ija, atamanga chitenje?"

Pakamwa panga ndi pamene pandiphera ulendo.

Lachinayi

Chida chomaliza: anyani. Kuli akachisi ena kumene anyani amalanda alendo magalasi ndi mafoni. Vidiyo ndili nayo, mayi wina akukuwa, nyani ali pakhoma akulawa chipewa chake.

Ndinaiwala kuti Anti anakulira ku Nkhotakota, akudikira anyani kumunda. Akuti mayiyo ndi wopusa, nyani sumuonetsa mano. Akuti anyani a ku Bali ndi owonda, akwawo anali ndi mapewa.

Choipitsitsa, foni yadumphira yokha pa chithunzi cha minda ya mpunga, yosanjikizana paphiri ngati masitepe. Anti andilanda foni. Akufuna kudziwa kuti madzi amakwera bwanji pamwambapo, amaokera liti, mpungawo umanunkhira ngati wakwathu kapena ayi. Ine digiri yanga si ya mpunga.

Amalume akudya mwakachetechete, koma ndevu zikugwedera. Ndikuganiza kuti akundiseka.

Diresi lachikasu ndalivala kuchipinda, ndadziyang'ana pagalasi, ndalivula.

Lachisanu

M'mawa Amalume, kiyi wa galimoto ali m'manja, akufunsa dzina loti atumize masana. Anti, osatembenuka pa sinki: "Tumizani la mwanayu."

Ndapambana! Ndathawira kubafa kukavina mosamveka.

Kenako ndikuwapeza pakhonde akuthirira sukuma wawo wa m'matumba, madzi akusefukira pansi, iwo osaona. Sindinawafunse kanthu, ayamba okha. Akuti chaka chatha anapita ndi Amalume kukadya kwa abwana awo ku Muthaiga, dera la anthu olemera. Patebulo mafoloko ndi mipeni mbali zonse ngati chipatala. Anatenga yolakwika, mayi wina anamwetulira, ndipo chakudya chonse sanachimvenso kukoma. "Nanga hotela yoteroyo, sabata yathunthu? Ndikawachititsa manyazi amalume ako. Iwe unaphunzira, pita."

Ndiye nkhani sinali sukuma.

Akutinso chikwatiranireni, ulendo wa awiri umene amayenda ndi wa kumaliro basi.

Ndikanangoti "pepani Anti" n'kukalongedza. Mawuwo anali okonzeka palilime. M'malo mwake ndikupezeka ndikukhuthula kabati yonse patebulo: mafoloko, masupuni, mipeni, matambula, ngakhale mpeni wosendera mbatata kuti mzere utalike. Ndikuwauza kuti chinsinsi n'chimodzi, muziyambira kunja kulowa m'kati, ndipo mukasokonezeka muziyang'ana amene wavala wotchi yodula n'kuchita zomwe akuchita. Tadya nthochi imodzi ndi foloko ndi mpeni ngati akazembe. Yatsetsereka, yagwera pansi, Anti aitola, aipukuta pachitenje, akuti "Ekisikyuzi mi," ndipo tonse tagwa nako kuseka.

Ndawaimbira Amalume ndekha kuti atumize dzina la Anti. Ayankha kuti: "Dzina lawo ndinatumiza kale Lachitatu, atangofunsa za chitenje. Wagwira ntchito, mphwanga. Ine ndawanyengerera mwezi wathunthu osaphula kanthu."

Loweruka

Katundu wanga akusamuka mmodzimmodzi.

Chipewa: chapita. Akuti chikuwakhala bwino iwo chifukwa ali ndi nkhope yake.
Magalasi akuda: apita. Akhala nawo kumaso chiyambire m'mawa, ngakhale posankha nyemba.
Diresi lachikasu: silikuwakwana, koma telala wa pakona akuti aika nsalu m'mbali.
Sutikesi yanga: sanapemphe n'komwe.

Masana Amalume aimitsidwa pabalaza kuti aphunzire kumanga chitenje. Chikumasuka akangopuma. Anti: "Kokani mimbayo, bambo, mukatichititsa manyazi kwa eni dziko." Dzulo lomweli wamanyazi anali ndani?

Tebulo lositira lapezeka. Ndanena zoona. Anti akuti ndiwaonetse mmene ndinaimira, ndipo aitana Amalume kuti adzaonenso.

Lamulungu

Kutchalitchi nkhani yafika tisanafike. Amayi a kwathu awazungulira Anti panja, wina akufuna nsalu, wina mbewu ya mpunga, wina akuti akajambule Amalume ali m'chitenje kuti mpingo wonse uone. Ine ndaima pambali ndanyamula zikwama zawo.

Pobwerera Anti andigwira dzanja mu matatu. Akuti ndisindikize ma CV ambiri, akawagawa okha. "Ndikawadikirira mabwanawo pakhomo la kachisi. Munthu ali m'chitenje sakana pempho la mzimayi." Ndikuopa kuti akachitadi. Ndikuopanso kuti zikhoza kutheka.

Basi. Chilumba changa mwezi wamawa ndi khonde la m'Madaraka, nyanja yanga ndi ndowa. Malangizo ndalandira kale: sukuma amathiriridwa dzuwa lisanakwere, ndipo azilankhulidwa, apo ayi amafota.

Ndayamba lero. Ndamuuza za digiri yanga. Iye sanati adzandiimbira.