Phokoso Lomwe Ndinalidinda mu Belo

Amene akuti ndikunama aimirire pompano ndimuone nkhope, chifukwa ine ndayamba kukonza mawailesi pa Wimbe pano inu mukuyenda opanda kabudula, ndipo zimene ndikunenazi anaziona anthu, ng'ombe zomwe.

Mayi a kunyumba kwanga, malemu Nabanda, ankaimba kwaya kumpingo, ndipo mawu awo anatsala malo amodzi okha, mu memole khadi yomwe ndinawajambulira akuyeserera nyimbo pakhonde. Tsiku lovundukula chiliza chawo, ana anati nyimboyo ikamveke kumanda. M'mawa wa tsikulo tiyese pa sabufa, wailesi ya masipika ya mkamwini wanga, ayi ndithu, zzzzz! Phokoso lokhalokha, mayi aja osamveka ngakhale pang'ono. Mwana wanga Esinati anayamba kulira kuti khadi yafa, amayi ake apita kachiwiri. Mtima unandiwawa, sindibisa.

Koma phokoso lake, abale inu! Linagwedeza chigafa mpaka fodya yense kuyoyoka pa mikangala, wamuwisi n'kuuma yekha ndi mantha, n'kudzisankha yekha magiredi, nkhuku zinaikira mazira ophikaphika, ndipo njinga ya abusa yomwe inatsamira pamtengo wa mango inanyamuka yokha kuthawira ku Simlemba belu likulira. Mukumva?

Ndinazula khadi, phokoso lilipobe. Ndinati Esinati pukuta misozi, khadi ilibe mlandu. Ndinatsegula sabufa. M'katimo muli kachipu kochepa ngati nkhupakupa, ntchito yake n'kutenga manambala a m'khadi n'kuwasandutsa mawu oti khutu limve. Kanthu kaulemu, koma mukakadyetsa magetsi auve, nako kamalankhula zauve. Ndinakagogoda ndi chala n'kukafunsa kuti wadwala chiyani iwe, ndipo kanayankha, inde kanayankha, musaseke, kanati ine ndili gwa, akusokosa ndi aneba.

Ndinatsata mawaya kufuna anebawo, ndipo ndinangogwira pakamwa. Mkamwini wangayo ndi mlimi wa fodya weniweni, sangaone zinthu zili balala manja osamuyabwa. Anatenga waya wa inveta ya sola, wa tchaja ndi wa mawu, n'kuwamanga ndindi imodzi, n'kukulunga mutu wake ndi tsamba bwinobwino monga timangira fodya wopita kumsika.

"Ndimati zioneke zaudongo, bambo," anatero akuyang'ana pansi.

Ha! Ndinamasula ndindi ija, waya wa inveta uko, wa mawu uku, ndinawotcherera kapasita wosefa magetsi pafupi ndi mwendo umene kachipu kamadyera magetsi, n'kukhoma chitsulo m'nthaka yonyowa kuti zauve zonse zizitsikira pansi. Phokoso lija posowa pokhala linalumpha m'waya lamoyo, lakuda bii, lalikulu ngati ng'ombe ya pangolo koma lopanda mutu, ine n'kuligwira m'chiuno, ilo n'kundikwekwereza m'munda monse mpaka zidendene zanga zinaunga mizere ya chaka chamawa, tinagwetsana katatu, kachinayi ndinalikulunga m'chiguduli, n'kuliika pa jeke yodindira fodya, n'kulidinda, n'kulisoka belo, n'kukalikwirira kuseri kwa chulu. Chiswe cha pamenepo n'chogontha mpaka lero, mukachiitane muone ngati chicheuke. Mukumva?

Tinanyamula sabufa ndi batire pangolo mpaka kumanda, abusa akubwera wapansi. Atavundukula nsalu, Esinati anadina batani, ndipo mawu a Nabanda anatuluka oyera mbee, mpaka kumveka pamene ankapumira asanayambe ndime yachiwiri. Ine wogwetsa phokosone ndinangotsamira paphewa la mkamwini yemweyo.

Nyimbo itatha, khadi inapitirira, pomwe ine ndinali nditaiwala kuti munatsala zina. Panamveka mawu anga ndikudzitama kuti nyimboyo ndinaiphunzitsa ndine kwa mbalame za ku Njombwa, kenako Nabanda akuseka:

"Zimitsani chinthucho, bambo a Esinati, mwayamba bodza lanu lija!"

Manda onse anaphulika ndi phwete, azimayi akulira n'kumaseka, abusa atagwira nthiti. Ine ndinangovula chipewa n'kuthokoza Mulungu, n'kuthokozanso kachipu kaja posameza ngakhale liwu limodzi. Sindinakondwepo chonchija chimwalirireni iwo.

Ndiye inu nditsutseni mmene mungafunire, simukutha. Odziwa kunditsutsa anali mayi aja okha, ndipo tsiku limenelo ananditsutsa pamaso pa mpingo wonse, ine ndikumva bwinobwino.