Sikuta Imene Inandiphunzitsa Kukhala Pamaliro

Inu, tamverani, ndipo musandiyang'ane ngati mwaona mngelo. Ndikudziwa zimene mwamva: akuti Nelia ndi mayi wachifundo, pamaliro safulumira kuchoka, amakhala ndi anamfedwa mpaka mphasa kutentha. Sindikukana, ndimakhaladi. Koma poti lero sikuta yanga ndaisiya kunyumba, ndipo minibasiyi siidzaza msanga, sunthirani kuno ndikuuzeni chimene chimandikhazika.

Ine ndimakhala ku Liwonde, ntchito ndimagwira mu ofesi ina ku Machinga Boma. Mtunda wake si wautali, koma minibasi ya m'mawa mukuidziwa. Oitanira amakuwa kuti "watsala mmodzi, watsala mmodzi," pomwe theka la anthu ali m'katimo ndi anzawo ongofunditsa mipando. Ndinkafika ku ntchito anzanga atamwa kale tiyi, makapu atatsuka. Bwana wathu, a Elliam, ndi munthu wofatsa, ndipo kunena chilungamo anandipirira nthawi yaitali. Koma Lachisanu lina anandiitana, n'kutsegula dirowa, n'kundionetsa kalata yolembedwa kale, dzina langa lili pamwamba, kungotsala kusaina.

"Mayi Nelia, Lolemba hafu pasiti seveni ndikupezeni pampando. Mukachedwanso, cholembera changachi chili ndi inki."

Tsiku lomwelo ndinaganiza zogula sikuta. Ndinayeza mbali zonse ziwiri monga munthu wophunzira. Yatsopano ndi yodalirika, koma thumba langa linangoseka. Yakale ili ndi mbiri imene siikuuza, koma imafikirika. Ndinamva kuti ku Balaka kuli bambo wina, a Mohamedi, akugulitsa yawo: si kaja kakang'ono ngati choseweretsa, sinso chinjinga cha akabaza, koma yapakatikati, yoti mzimayi n'kukwera osataya ulemu. Ndinawerenga pa foni mpaka maso kuwawa, n'kulemba mafunso makumi awiri pa pepala.

Alamu anga a Esau ndi makaniko. Atamva anati, "Mlamu, tipitire limodzi ndikaimvetsere."

"Alamu, ine ndinapita ku koleji. Mafunso ndalemba kale."

"Ku kolejiko munkaphunzira injini?"

"Tinkaphunzira kufufuza."

"Ehoo. Kafufuzeni."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma akuluakuluwo sananene kanthu za munthu wofunsa mafunso makumi awiri n'kusiya limodzi, lomwe linali ndi phulalo.

Loweruka ndinafika ku Balaka, n'kupeza sikuta ili pansi pa mtengo wa mango, yofiira, yopukutidwa mwakuti ntchentche ikaterapo imaterereka. Inali ikulira kale, phuphuphu, modekha ngati mphaka wokhuta. A Mohamedi anali pambali, atavala mkanjo woyera, manja kumbuyo.

"Takulandirani mayi. Mwaipeza ikukudikirani."

Ndinatulutsa pepala langa. Matayala? Abwino. Mabuleki? Akugwira. Magetsi, hutala, magalasi? Zonse zilipo. Bulubuku? Nayi, ndipo nambala ya injini ikufanana. Ndinagwada mpaka kusuzumira pansi kuona ngati ikudontha oilo.

"Inachitapo ngozi?"

"Wallahi, ngakhale nkhuku siinagundepo."

"Nanga mukuigulitsiranji?"

"Ine ndine munthu woimaima, mayi. Apa moni, apo swala kumzikiti, apo kasitomala. Njinga imeneyi imafuna munthu wa ulendo umodzi, ngati inuyo."

Mwamva yankho limenelo? Ine ndinalimva ngati kundiyamikira. Pokambirana mtengo ndinati, "Taizimitsani kaye kuti timvane."

"Iyayi mayi, isiyeni izilira, muzimva mtima wake. Mbuzi timagula ili chilili, osati itagona."

Ndinalemba pa pepala langa kuti: wogulitsa sakubisa kanthu. Tinagwirizana, tinasainirana. Potsazikana anandiuza kuti thanki adzaza mpaka pakamwa, mphatso yawo, kuti ndisavutike kuima panjira. Ndinati anthu abwino akadalipo m'dziko muno. Ndinaiyendetsa kuchokera ku Balaka mpaka pakhomo panga osaima paliponse.

Lamulungu m'mawa ndinangodina kamodzi, inalira. Ndinapita nayo kutchalitchi, ndipo abusa athu akayamba kulalika amaiwala kuti anthu anasiya nyemba pamoto. Titatuluka patapita maola atatu, ndinadina kamodzi, inalira. A Esau ndinawadutsa pa galaja yawo n'kuwaimbira hutala kawiri.

Lolemba ndinanyamuka molawirira, buluku nditavala, chipewa cha njinga kumutu, chikwama pansi pa mpando. Ndinadutsa pa siteji n'kuwabayibitsa oitanira aja. Mphepo inali kundiwomba, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kukonza nkhope imene ndikawaonetse a Elliam akamalowa n'kundipeza ndikufumbata kapu ya tiyi.

Nditayenda theka la ulendo ndinaona masamba atayalidwa pamsewu. Maliro. Nyumba yake inali pafupi penipeni ndi tala, azibambo atakhala m'mphepete mwa msewu, amayi akuimba m'nyumba.

Tsono apa mundithandize kuweruza. Mwambo tonse timaudziwa: wa galimoto amachepetsa liwiro, wa njinga yakapalasa amatsika n'kuikankha. Nanga sikuta ili mbali iti? Mbali ina, ili ndi injini ndi nambala, ndiye ndi galimoto. Mbali inayi, ili ndi matayala awiri ndipo wokwerayo nkhope yake imaoneka, ndiye ndi njinga. Ndili m'kati moyeza choncho, mkulu wina wa ndevu zoyera anandiyang'ana kuyambira pa chipewa mpaka pa buluku, n'kuyang'ananso masamba aja. Mlandu unathera pomwepo. Ndinaima, ndinazimitsa, ndinatsika, ndinaikankha mwaulemu, mutu nditaweramitsa, mpaka kudutsa masamba a mbali inayo.

Ndinakwera. Ndinadina. Khekhekhe. Zii.

Ndinadinanso. Khekhekhe. Ndinaponda kiki mpaka nsapato kuvuka. Zii. Ndinaiyankhula m'Chichewa, m'Chiyao, ngakhale m'Chingerezi cha ku koleji chija. Zii.

Adzukulu okakumba manda anali akudutsa ndi makasu awo. Anatula makasu. "Kwerani mayi, tikukankheni!" Azibambo asanu anathamanga nane kutsetsereka, kubwerera, kutsetserekanso, ine ndili pamwamba ngati mkwatibwi, anthu a pamaliro akuyesetsa kuti asayang'ane. Ulendo wachitatu mmodzi anaima, akupuma ngati ng'ombe ya pangolo.

"Dikirani kaye. Magiya ake ali kuti?"

"Ilibe magiya," ndinatero monyadira. "Imasintha yokha."

"Mayi! Yopanda magiya siilira mokankha, ngakhale titakufikitsani ku Zomba!"

Anatola makasu awo. Ine ndinaimbira foni a Mohamedi.

"Bambo, njinga yanu yakana kulira."

"Yanga iti, mayi? Ine ndilibe njinga. Mwaizimitsa ili yotentha?"

"Pali maliro!"

"Pepani nawo malirowo. Ipatseni maola awiri izizire, idzuka yokha. Inunso munthu akakudzutsani mutangogona kumene, mumadzuka?"

"Bwanji simunandiuze?"

"Mafunso anu onse ndinayankha, mayi. Ndinakuuzaninso kuti ine ndine woimaima."

Ndipo kunena zoona, sananame. Sananenenso zoona, koma sananame. Ndaiyeza nkhaniyi kambirimbiri, ndipo mlandu ndimaugawa pakati: iwo theka, koleji theka.

Ndinayang'ana wotchi: seveni koloko yakwana. Minibasi ziwiri zinadutsa zitadzaza mpaka kondakitala theka lake lili panja, ndipo kondakitala mmodzi anandibayibitsa. Sikutayo sindikanaisiya pamsewu. Ndinaona kalata ija m'maganizo, ndinaona cholembera chija chili ndi inki yake, ndinakhala pa mwala n'kuyamba kulira. Osati kulira kwa mu ofesi kopukuta ndi kansalu ayi. Kulira kotsegula pakamwa.

Ndinangomva dzanja paphewa. Anali mayi wachikulire, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi a Sofia, mlongo wa malemuwo.

"Mwana wanga, salirira pamsewu. Tiye m'nyumba. Koma bulukuli tibise kaye, azibambowa angaiwale chimene abwerera."

Anandimanga chitenje, n'kundilowetsa, n'kundikhazika pafupi penipeni ndi thupi. Nyimbo itayamba ndinalira kuposa onse. Ndinalirira ntchito yanga, ndinalirira sikuta, ndinalirira hutala amene ndinaimbira a Esau uja. Amayi anayamba kunong'onezana.

"Ndi wa kuti ameneyu?"

"Kaya. Koma malemu anali oyendayenda."

Apo ndinaona kuti mbiri ya munthu wakufa ili pangozi chifukwa cha ine. A Sofia atandifunsa kuti ndachokera kuti, ndinayankha msanga: "Ndimagwira ntchito ku Boma, amayi. Mu ofesi."

"Eee! Kwa Elliam! Mwamva inu? Elliam watumiza munthu wa ku ofesi kwake kudzalira amalume ake!"

Misozi inauma yokha. Mwa maliro onse a m'boma la Machinga, sikuta yanga inasankha kugona pa maliro a amalume a bwana wanga, ndipo amene anandimanga chitenje anali mayi awo owabereka.

Cha m'ma naini galimoto inaima panja. A Elliam analowa atagwada, maso ali psuu. Atandiona anaphethira kawiri.

"Mayi Nelia? Uthenga ndautumiza ku ofesi posachedwapa. Inu mwafika nthawi yanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, Mulungu ndi mboni. Koma a Sofia ananditsogolera.

"Iwe Elliam, usamufunse mafunso mwanayu. Wafika iwe mwini malume usanafike. Walira mpaka ife abale kuchita manyazi. Iweyo unali kuti?"

Bwana wanga, munthu wa dirowa ndi cholembera, anangoti, "Pepani amayi." Ine ndinayezanso mbali ziwiri. Mbali ina, chilungamo ndi chabwino. Mbali inayi, pamaliro si pofotokozera za injini. Ndinatseka pakamwa. Ndinakhala mpaka kumanda, ndipo pobwerera sikuta inalira ndi kudina kumodzi, ngati sinalakwepo chiyambire.

Lachinayi a Elliam anandiitana, anatulutsa kalata ija, anaing'amba ine ndikuona. "Wotchi aliyense angathe kuisunga," anatero, "koma umunthu ndi wosowa." Mlungu wotsatira anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya chisamaliro ya ofesi yathu. Panopa maliro aliwonse okhudza wa kuntchito, kaya ku Mposa, kaya ku Phalula, amatuma ine. Anzanga amafika, kupepesa, n'kuzemba. Ine ndikafika pa masamba ndimazimitsa, ndiye maola awiri amenewo ndipite kuti? Ndimakhala. Ndaphunzira nyimbo zonse, za Akatolika ndi za Mvano zomwe. Ndipo ndisaname, kukhalako ndayamba kukumvetsa: anamfedwa amayamba kulankhula zenizeni anthu othamanga aja atapita.

Mwezi watha ndinameza manyazi n'kupita nayo kwa a Esau. Anaseka kaye mpaka kukhala pa tayala. Kenaka anatsegula, anagwiragwira, anati, "Mlamu, ndi koilo iyi, ikatentha imafooka. Ntchito ya mphindi makumi atatu. Ndisinthe?"

Ndinaima pamenepo, ndinayeza mbali zonse ziwiri monga mwa chizolowezi changa.

"Alamu, tsekani momwe munatsegulira. Khalidwe langa lonse lili mu koilo imeneyo."