Chinangwa Chosawawa Chatha Alendo Asanafike

Lolemba
Chakhwima! Chinangwa chatsopano chija alangizi anandipatsa kuti ndiyesere kuno kozizira. Akuti akatswiri anachikonza kuti chisakhale ndi poizoni wambiri: osaviika, osayanika, kukumba n'kudya. Loweruka akatswiriwo akubwera ndi sikelo. Chikachita bwino, mbewu ya mudzi wonse izichokera kwa ine. Ndaika lamulo, wina asakhudze!

Lachiwiri
Bambo a ana akukumba phata limodzi. "Tione kaye, tingachite manyazi pamaso pa alendo." Akutafuna chachiwisi, atatsinzina. Chizungulire palibe, kusanza palibe. Akukumbanso lina, akuti kutsimikiza.

Lachitatu
Pakamwa pa bambowa! Nkhani yafika kale kuchigayo. Obwera kudzandizonda, ine wosadwala:
- apongozi, ndi dengu
- aNaphiri oyandikana nafe, ndi khasu lawolawo
- alamu a ku Mayani, omwe sanaoneke ngakhale pamaliro a amayi

Apongozi ungawakanize bwanji?

Lachinayi
Nkhumba za aNaphiri zaboola mpanda. Chinangwa chowawa cha makolo chili pompo, sizikuchinunkhiza n'komwe. Masana anyani nawo atsika m'phiri, banja lonse. Ndikuthamanga, chitenje chili m'manja, mawu atha. Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake amayi ankadzala chowawa chokhachokha.

Lachisanu
Mapemphero a mphakati ali kwathu sabata ino, ndinaiwala! "Mayi, tiyi wopanda chomwera?" akutero apampando, maso ali kumunda. Ndikukumba ndekha, ndikuphika ndekha. Pobalalika aliyense wanyamula kamtengo ka chinangwa. Akuti ndodo, njira ndi yoterera.

Loweruka
Galimoto yafika. Akatswiri atsitsa sikelo, ine ndikuwatsogolera kukaona maenje. Phata limodzi lotsala tikulizula mwaulemu: mfuko inayamba kale. "Nanga zokolola, mayi?" akufunsa mayi wamagalasi. Bambo a ana akudzisisita pamimba. Alendo akuseka mpaka misozi. "Ndiye kuti anthu achikonda!" Sikelo yakwezedwanso. Za mbewu ya mudzi, akuti tidzakambirana.

Lamulungu
Popita ku Misa ndikuona timitengo tatsopano tazikidwa m'madimba a anthu, kuyambira kwa apampando mpaka kwa apongozi. Kwanga kwatsala maenje. Potuluka m'tchalitchi aNaphiri akundigwira mkono mwachifundo. "Musadandaule, anzanga. Chikakula changa chija ndidzakugawiraniko mbewu. Ndi chabwino, simudzakhulupirira."

Ndathokoza. Mawa ndiviika chowawa.