Amalume a Tisa m'kabokosi

Lolemba

Dishi yatsika padenga. Dikoda ndi wayilesi ndagulitsa kwa mnzanga wa ku Chawama. M'malo mwake pakhoma pali kabokosi koyera ka intaneti, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Wogulitsa uja, wa malaya a kampani, akuti: "Ba bosi, masiku yano vonse viyenda mu njira imozi. Dishi ni ya makolo." Ndamukhulupirira.

Zimene zalowa m'kabokosi:
TV
kwaya ya amake Tisa
mpira wanga
foni yoonana nkhope
alamu anga a Sakala a ku Katete

Otsirizawa ndiwo mwini nkhani. Loweruka kukubwera anthu a ku Matero kudzapempha mwana wathu Tisa kuti akwatiwe ndi Mwansa wawo. Kwathu mwana ndi wa amalume ake. Popanda mawu a mwini mbumba palibe ukwati. Ine bambo ake ntchito yanga ndi kukhala pampando n'kutseka pakamwa. Koma a Sakala bondo lawatupa, basi sangakwere. Ndiye adzaonekera pafoni, nkhope ndi mawu omwe. Aphunzitsi oyandikana nawo avomera kuwabwereka foni yaikulu.

Amake Tisa akuti zimenezi sakuzikonda. Akazi anga sakonda chilichonse chimene sanayambitse iwo.

Lachiwiri

Magetsi azima m'mawa. Kabokosi kafa. TV yafa, kwaya yafa, zonse tsiku limodzi ngati nkhuku za chitopa. Kale magetsi akazima tinkatsala ndi wayilesi ya mabatire. Lero m'nyumba muli zii, tikumva ndewu ya anthu a nyumba yachitatu mawu ndi mawu.

Amake Tisa akufunsa kuti wayilesi yawo ili kuti. Akudziwa kumene ili. Akungofuna ndinene ndi pakamwa panga.

Ndabwera ndi batire la galimoto kuchokera kumene ndimawotcherera mageti. Mawaya mbwee pabalaza. Kabokosi kadzuka. Ine ndine munthu wa zitsulo, kanthu kapulasitiki sikangandigonjetse.

Lachitatu

Pasiwedi yatuluka! Ndinauza amake Tisa okha. Iwo anauza mnzawo mmodzi yekha kumpopi. Tsopano khoma lathu lakunja lili ndi abale: azibambo atsamira mwakachetechete, mitu ili pansi, zala zikuyenda. Wina wabwera ndi mpando wake. Wina wandidandaulira, pakhomo panga, kuti netiweki yanga ikuchedwa.

Masana tiyesa kuimbira a Sakala. Tikuona khutu. Kenako denga. Kenako mphuno yokha, yadzaza foni yonse. Aphunzitsi awakonza, nkhope yaoneka. Koma mawu akufika mochedwa. Ndipereka moni, kuli zii. Ndibwereza, iwonso ayamba kuyankha, mawu athu agundana. Ndikhala chete, iwonso chete. Tiyambanso limodzi. Mpaka akwiya.

"Alamu, chikhalire ku Lusaka mwaphunzira kudula akulu mawu. Loweruka ndisamve ngakhale chifuwa chanu. Mukatsegula pakamwa, nkhani yathera pomwepo."

Mawu amenewa afika bwinobwino, osaduka ngakhale pang'ono. Zoipa zokha ndizo zili ndi netiweki.

Lachinayi

Anthu okumba ngalande kumsewu adula chingwe chopita kunsanja ya mafoni. Komboni yathu yonse ya Mtendere yagona. Ine ndimaganiza kuti njira imodzi ija ili mumlengalenga. Kodi ili pansi, ndipo khasu la munthu mmodzi likhoza kuitsiriza!

Zimene sizikutheka lero:
kuimba foni
kutapa ndalama za pafoni kumabufu, atsikana ake angokhala akuluka tsitsi
kugula mayunitsi a magetsi, amene kulibenso
kulipira nkhuku za alendo
kudandaula, pakuti dandaulo nalonso limadzera m'chingwe chomwecho

Mayi wa nkhuku wakana kumva za chingwe. Akuti nkhuku zake siziyendera netiweki.

Tisa wabwera kuchokera kuntchito, wayang'ana kabokosi nthawi yaitali. Akuti a kwa Mwansa anayamba kale kunong'ona kuti ife akum'mawa timavuta. Wandipempha kuti chonde zisalakwike. Ndamuuza asade nkhawa.

Lachisanu

Chingwe achilumikiza. Ndasintha pasiwedi. Abale a kukhoma abalalika, sakundipatsanso moni.

Amake Tisa akuti tingogwiritsa kafoni kawo ka mabatani, amalume azimveka mawu okha. Ndakana. Anthu akagwade pamaso pa kafoni kokhala ndi mphira m'chiuno? A ku Matero aone kuti nafenso tili ndi zinthu.

Madzulo afika a landilodi, amene amakhala kuseri kwa khoma lathu. "Ka bokosi kali pa chipupa changa, msomali ni wanga. Nipaseniko chabe manambala." Munthu sukangana ndi mwini denga mlungu wa alendo. Ndawapatsa. Alonjeza kuti ndi za mauthenga okha.

Loweruka

Foni ndaiika pampando waulemu, ndaitsamiritsa papilo. A Sakala avala jekete ndi chipewa. Amake Tisa ndi Tisa ali kuchipinda, monga mwa mwambo. Pabalaza ndili ndi a Tembo, mkulu wa mpingo, amene maso anayamba kale kuwavuta.

Alendo alowa, atsogoleredwa ndi a Chanda, nkhoswe yawo. Anthu aulemu ndithu. Agwada, awomba m'manja, aika mbale yovundikira, ndalama zili m'kati, patsogolo pa foni kuti amalume atsegule pakamwa. A Chanda afotokoza bwino kuti aona duwa pakhomo pano. A Sakala akoka mpweya kuti ayankhe, nsidze akwinya, mlomo apotoza.

Kuseri kwa khoma kwamveka likhweru. Mpira wayamba. A landilodi aitana msewu wonse kudzaonera pa netiweki yanga.

Nkhope ya a Sakala yaima pomwepo. Yokwinya. Yopotoka. Osaphethira.

Ine ndikuona kuti chithunzi chauma. Pakona kakuzungulira kanthu kosonyeza kuti netiweki yachepa. Koma ndinauzidwa kuti ndisamveke ngakhale chifuwa, ndipo mwina kumeneko akutimva. Ndiyang'ana a Tembo. Iwo anong'oneza alendo: "Amalume akali kuganiza."

A Chanda awonjezera m'mbale. Awombanso m'manja. Atamanda banja la a Sakala, mudzi wawo, ng'ombe zawo zimene sanazione. Maondo awo akulira pasimenti. Nkhope ili chikwinyire. Thukuta likunditsika mpaka m'masokosi. Ndiloza foni ndi maso, ndi chibwano, iwo akuyesa ndikuwauza kuti apitirize.

Kuseri kwa khoma: chigoli!

Pomaliza a Chanda aimirira, asansa fumbi m'maondo. "Tamvela. Muntu mukulu akakana, sachita kukamba." Atenga mbale yawo. Nkhuku sanaikhudze.

Tisa akulira kuchipinda. Kulira kwa chinunu, koipa kuposa kofuula.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite.

A Sakala aimba pa kafoni ka mabatani ka mlongo wawo, amake Tisa. Akuti anavomera. Analankhula nthawi yaitali pamaso pa mudzi wonse, analangiza Mwansa, anadalitsa ana, mpaka misozi. Kuchokera ku Lusaka sikunabwere ngakhale kuwomba m'manja kumodzi. Akuti manyazi otere sanawaonepo, ndipo sadzalankhulanso ndi galasi. Wofuna mawu awo akawanyamule.

A ku Matero akuti abweranso pokhapokha aone munthu wopuma, wophethira.

Ndafotokozera Tisa za chingwe, za mpira, za mwambo. Wandimvetsera mpaka kumapeto. "Ba dadi, munaona kuti vaima. Munali chabe kukamba." Ndinaopa mlamu, n'kusiya mwana wanga.

Mawa ndikwera basi yoyamba ya ku Katete. Bondo likavuta ndidzawabereka kumsana kuchokera kusiteshoni mpaka pabalaza pano.

Magetsi kulibe. Tisa wandisitira malaya a ulendo ndi ayironi ya makala, wawaika pabedi. Kolala waipsereza, ndipo mwana ameneyu chibadwire sanapserezepo chovala. Ndivala omwewo.