Kamyawo Yosabwerera M'mbuyo ndi Matimati a Mayi Fernanda

Mudzi wa Kanyimbi, dera la Zóbuè
Lachinayi, 17 Agosto 1995

Kwa a Shefe Aakulu,
Bungwe Lotukula Obwerera Kwawo,
Moatize.

A Shefe olemekezeka,

Ndine Ambrósio, motorista wanu, dalaivala amene munandipatsa kamyawo, lole yobiriwira ija, kuti ndizinyamula zokolola za anthu obwerera kuchokera ku Malawi kupita nazo kumsika wa ku Moatize. Simungandikumbuke, ndipo sindikudandaula, munthu wamkulu ngati inu ali ndi zambiri m'mutu. Ndikulemba nditakhala pamthunzi wa galimotoyi, yomwe yaima pano kuyambira Lolemba itasenza madengu 63 a matimati. Pansi pake payamba kudontha madzi ofiira. Ndati ndifulumire kukuthokozani ntchentche zisanandithere pepala.

Choyamba, tatenda, monga amanenera anzathu a ku Moatize, chifukwa cha galimotoyi. Ndi yamphamvu, hutala yake imamveka mpaka tsidya la malire. Chilema chake ndi chimodzi chokha, chaching'ono: giya yobwerera m'mbuyo inafa miyezi isanu yapitayo. Kutauni zimenezi si nkhani, umangozungulira nyumba ziwiri n'kutulukira kumene wachokera. Koma msewu wa ku Kanyimbi ndi wopapatiza, ndipo anthu ochotsa mabomba okwirira anayeretsa pakati pokha, m'mbali monse n'kundandalika miyala yopaka utoto wofiira. Mbuzi ina inayesa kudumpha miyalayo mu Juni. Tinadya zidutswa zokhazo zimene zinagwera mumsewu. Choncho ine ndikalowa msewu umenewu ndimapita ndithu mpaka kumapeto, pabwalo la pafupi ndi mtsinje, n'kuzungulira pamenepo.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha sukulu imene mwandiphunzitsa. Ine Chingerezi ndinachitolako kukampu ya othawa nkhondo ku Mwanza, ndipo ndinkadziyesa katswiri. Nditaona pepala limene timalembapo relatoriyo, lipoti la mwezi lopita kwa azungu otithandiza, ndinadziwa kuti ndidakali mwana. Lili ndi timabokosi tinayi: Progress, Advance, Improvement, Continuation. Tonse tinayi tikunena za kupita patsogolo, kukwera, kusintha kukhala bwino, kupitiriza. Ndinalitembenuza pepalalo kufuna kabokosi ka Reversal, ka zinthu zimene zabwerera m'mbuyo kapena zaonongeka, ndinapeza kuseri kuli mbee. Mlembi wanu, a Rogério, anandilangiza mwachikondi kuti liwu limenelo munaliletsa muofesi chifukwa azungu akalimva amatseka chikwama. Anati ndisankhe pa tinayito. Ndinachonga Continuation, pakuti giyayo inali ikupitirizabe kufa. Ndachonga pomwepo miyezi isanu yotsatizana, ndipo mwezi watha munanditumizira chipewa cha bungwe, mphoto ya motorista amene galimoto yake sinadwalepo. Ndachivala panopa, chikutchinga dzuwa bwino kwambiri.

Chachitatu ndiye chandigwira mtima. Lolemba ndinalowa msewu monga mwa masiku onse, ndikunyamula madengu khomo ndi khomo, amayi akundibaibitsa. Ndikufika kumapeto, ndinapeza pakati penipeni pa bwalo langa lozungulirapo pamera chipilala cha simenti, chachitali kuposa ine, chozingidwa ndi mizati yachitsulo ndi unyolo. Mawu anayi aja mwawalemba pamenepo ndi utoto wagolide, dzina lanu lili pansi pake. Ndamva kuti mudzachitsegulira Loweruka pamaso pa alendo, azungu otithandiza aja. N'chokongola, a Shefe, sindinama. M'mudzi wonse malo oyeretsedwa mabomba, otakasuka moti galimoto n'kutembenuka, anali amodzi okhawo, ndipo diso lanu lakuthwa linawapeza muli ku Moatize.

Tsono kamyawo yaima mphuno italoza kumtsinje. Kumanja miyala yofiira, kumanzere chipilala, kumbuyo chitunda.

Musaganize kuti tangokhala manja lende. Lachiwiri amuna onse a m'mudzi, ndi akatekisi omwe, anagwira bampala kukankhira m'mbuyo, ine ndili pachiwongolero. Tinayenda mikono itatu. Kenako galimoto inakumbukira mfundo za bungwe, n'kutsetserekera patsogolo mikono isanu. Wina anabwera ndi nyundo kuti tizule mizati iwiri yokha. Kapitawo wanu, a Feliciano, anaima pamaso pa chipilala atatambasula manja, n'kulengeza kuti wokhudza katundu wa bungwe achititsa kuti mudzi wonse ufufutidwe pamndandanda wolandira mbewu ya chimanga. Nyundo inabwerera kwawo. Mwa zinthu zonse za pano, ndi yokhayo imene yakwanitsa kubwerera.

Ndiloleni nditchule munthu mmodzi, ngakhale alibe kabokosi kake. Mayi Fernanda anakhala zaka zisanu ndi zitatu kukampu, ndipo amuna awo anawasiya komweko m'manda. Atabwerera analima okha dimba la malemuwo, kuthirira ndi chitini kuyambira Meyi. Madengu asanu ndi anayi m'galimotomu ndi awo, zokolola zoyamba za manja awo chithereni nkhondo, ndipo amati akagulitsa afolere nyumba mvula isanagwe. Dzulo anatsitsa dengu limodzi, kusenza makilomita khumi ndi anayi mpaka pamsewu wa tala, n'kukagulitsa kwa oyendetsa mathiraki a pamalire. Lero miyendo yatupa. Akhala apa pafupi nane, akusankha ovunda n'kumataya, mulu wotaya ukuposa wosunga. Sakulira, sakunditukwana, angondifunsa kawiri ngati a Shefe akudziwa. Zikundipweteka, a Shefe, ndipo ndikuchita manyazi, chifukwa ndine ndinawauza kuti asasenze pamutu, bungwe lili ndi galimoto.

Ndinawayankha kuti mukudziwa zonse, pakuti zonse zimalembedwa. Ndipo poganizira zolembedwazo m'pamene ndinaona kuti wolakwa ndine, wa chikhulupiriro chochepa. Kutsogolo kwa galimotoyi, mapazi makumi awiri okha, kuli mlatho wa pamtsinje wa Namitsatsi, umene unaphulitsidwa nthawi ya nkhondo. Tsidya lake njirayo imakatulukira pamsewu wa tala, njira yachidule yopita ku Moatize. Maso anga osaphunzirawa akuona zitsulo ziwiri zopindika, ndi phompho pakati pake, pansi ana a achule akusambira. Koma relatoriyo yanu ya chaka chatha, imene a Rogério anandipempha kuti ndiwathandize Chingerezi chake, ikunena kuti mlathowu munaumanganso ndipo magalimoto akudutsa. Munachonga Progress, n'kusaina ndi dzanja lanu, chidindo pamwamba. Ine ndine yani kuti nditsutse chidindo?

Pempho langa tsono ndi laling'ono. Sindikupempha giya, ndikudziwa kuti pepala lopemphera giya yotereyo kulibe. Sindikupemphanso kuti mugwetse chipilala. Ndikungopempha kuti Loweruka, mukatha kudula riboni ndi kuomberedwa m'manja, mutipatse ulemu wokwera kamyawo yanu. Ndapukuta kale mpando wakutsogolo, ndayalapo chitenje cha mayi Fernanda. Alendo aja adzaima m'mbali ndi makamera awo. Inu mudzakhala pambali panga, relatoriyo ili pamiyendo, ndipo mukadzangoti tiye, ine ndidzaponya giya yoyamba, tidzaoloke mlatho wanu limodzi, matimati otsalawo akafike kumsika.

Mukaona kuti simungathe kukwera, musavutike kufotokoza. Mudzangowauza azunguwo chifukwa chake, m'Chingerezi, ndipo liwu loletsedwa lija likakusowani ine ndidzakhala pafupi kuti ndikukumbutseni.

Ine wanu wogonjera, woyang'ana kutsogolo kokhakokha,

Ambrósio Januário
Motorista wa kamyawo yobiriwira