Bambo wa Thawulo ndi Nkhumba Zogona m'Malata

Olemekezeka a Nduna ya Malata ndi Chifundo,

Ndine Leisande Kaltak, wogulitsa zilazi pamsika, mayi wake wa Leiwia, mtsikana uja munamangitsa pa mlandu woulula chinsinsi chanu. Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa kuti chinsinsi cha munthu n'chopatulika. Ife sitinkadziwa. Chisasulireni namondwe denga lathu, timavalira pansi pa lona lobooka, anyamata othyola kokonati akutipatsa moni ali m'mwamba. Ndiye Leiwia, mwa umbuli wake, ataona malata a chithandizo aja, amene boma linalonjeza ife osasulidwa madenga, atafolera khola la nkhumba kuseri kwa mpanda wanu, bambo wina wamimba atamanga thawulo lokha akuzidyetsa, anajambula n'kuika pa intaneti. Analembapo kuti, "Tawapeza malata."

Chachiwiri, ndithokoze apolisi amene munawatuma. Pofuna kuteteza chinsinsi chanu, analanda foni ya mwanayo n'kuwerenga mauthenga ake onse mokweza, pakauntala, anthu ali pamzere. Umu ndi mmene ndinadziwira, limodzi ndi dalaivala wa basi ndi mkulu wa mpingo wathu, kuti Leiwia ndi woyembekezera, ndipo mwini mimbayo ndi Toara woimbitsa kwaya. Sajeni anandigwira chanza, amvekere, "Tasekani mayi, mwasanduka agogo." Mwana wanga anangozolika. Kutchalitchi amuimika, kudya tikuchita kumukakamiza, ndipo komwera kava, chakumwa chathu cha mizu chija, azibambo atipezera kale dzina la khandalo. Mwandipeputsira ntchito yolengeza, bwana.

Chachitatu, ndamva loya wanu pa wailesi akulumbira kuti bambo wa pachithunziyo si inu, kholalo si lanu, ndipo nkhumbazo simunaonanepo nazo. Ine ndakhulupirira ndi mtima wonse. Munthu wa udindo ngati inu sangayime pamatope ndi thawulo lalifupi chotero.

Koma mlandu ukulowa Lachinayi, ndipo ngati si inu, sitikudziwa amene tinamulakwira. Chonde, poti anapezeka pakhomo panu, tifunsireni kwa alonda anu kuti bamboyo ndani. Tikufuna tikamupepese mwa mwambo wathu, ndi mikeka ndi muzu wa kava, pamaso pa mudzi wonse. Nkhumba yopepesera tilibe, koma pachithunzipo akuoneka kuti ali nazo zokwanira.

Mumuuze abwere atavala.

Wanu wogwada pamatope,
Leisande Kaltak