Tsiku Limene Ndinalavulira Apongozi Repu

Anzanga, kuntchito kwanu akakupemphani kuti muvale chinthu chophimba kumaso, kanani. Nenani kuti msana ukuwawa, nenani kuti muli ndi chimfine, nenani chilichonse. Ine ndinavomera uku ndikumwetulira, ndipo ndinatsala pang'ono kutayirapo mkazi.

Pasukulu yomwe ndimaphunzitsa muno mu Chipata tinalandira mphunzitsi wa Chitchaina, Madamu Li, mtsikana wofatsa amene amalimbikira kuphunzira Chinyanja. Chaka chatsopano cha kwawo chimagwa nthawi ya mvula, chimanga chikumasula. Ahedi ataona kuti madamuwo akulakalaka kwawo, anati tiwachitire chikondwerero pompano. Ana anapanga nyali za mapepala ofiira, ena anaphunzira nyimbo, ena kulemba zilembo zija zooneka ngati nkhuku yapalasa. Chinatsala ndi gule wa mkango: anthu awiri m'nsalu imodzi, wina kumutu, wina kumchira.

"Inu ndinu Mngoni wa ku Mtenguleni, miyendo yanu inazolowera gule wa ngoma," anatero ahedi akundiloza. "Mutu ndi wanu."

Kumchira kunagwera a Mbewe, aticha a masamu (anadandaula sabata yonse kuti sanapite ku koleji kuti adzakhale matako a chilombo).

Madamu Li anatifotokozera kuti guleyu akamatha, mkango umadya ndiwo zamasamba, kenaka n'kuzilavulira mlendo wolemekezeka. Kwawoko ndi dalitso lalikulu. Ife tinagula repu pamsika. Mutuwo tinaupanga ndi nsungwi ndi makatoni, ndipo poonera panali pakamwa pokha.

Tsopano mvetsetsani pamene panali mtima wanga. Ndili pa chibwenzi ndi Naomi, ndipo ankhoswe anga anali atapita kale kwawo ku Kasenengwa. Mayi ake sanakane, komanso sanavomere. Anangoti aone kaye ngati ndili munthu wokhwima maganizo. Chichokereni pamenepo ndinkayenda ngati wansembe. Ndikawaona ndinkagwadira patali, maso pansi, mawu ochepa. Malume ake a Naomi ndiwo wapampando wa komiti ya makolo pasukulu pathu, ndipo ndiwo ndinayenera kuwalavulira repuyo. Ndinawachenjeza, anaseka, n'kulonjeza kuti nkhaniyi sidzafika kumudzi.

Tsikulo holo inadzaza. Makolo a m'komboni ya Navutika anabwera ndi ana kumsana, ena ankasuzumira pazenera. Ng'oma italira, ndinaiwala zonse zimene Madamu Li anandiphunzitsa zoti mkango uziyenda monyang'wa. Magazi achingoni anakwera. Ndinayamba kuponda pansi, di! di! fumbi koboo, anthu n'kumalulutira.

"Aticha, chepetsani!" a Mbewe ankalira kumbuyoko. "Chiuno changa inu!"

Ndani akanamva? Ndinalumphira repu uja, ndinamukhadzulakhadzula ndi manja m'katimo, n'kulunjika pa mpando wapakati umene ndinauloweza dzulo lake. Ndinakweza mutu m'mwamba mpaka ndinkangoona malata, ndinaugwedeza, kenaka masamba onse phwaa! Osati pang'ono ayi, mtolo wathunthu.

Nditatsitsa mutu ndinayembekezera kuona nsapato zakuda za amalume. M'malo mwake ndinaona mapazi a mayi m'nsapato zapulasitiki, ndi chitenje cha kutchalitchi chimene ndinkachidziwa bwino lomwe. Mayo ine, mayi ake a Naomi! Anali atabwera m'tauni m'mawa womwewo kudzaona mlongo wawo, ndipo amalumewo, mwaulemu wawo, anawapatsa mpando n'kukakhala pambali (amati anaiwala za repu, koma ine sindikhulupirira).

Thupi linachita lokha. Mawondo anagwa pansi, manja anathamangira kuwomba m'manja monga mwa mwambo, osakumbuka kuti ndi manja omwewo anagwira mutu. Mutu unagwa, n'kugubuduka mpaka pamapazi a ahedi. A Mbewe, amene sankaona kanthu, anapitiriza kuvina, anandigunda, n'kudzandigwera pamsana. Mkango unaduka pakati, wina akuwomba m'manja, wina akutukwana chamumtima.

Ng'oma inaleka. Ndinalakalaka simenti itang'ambika.

Amayiwo anachotsa tsamba pa duku, analiyang'ana, n'kutembenukira kwa mlongo wawo.

"Kodi chilombochi si aphunzitsi aja?"

Amalume anangogwira nthiti, misozi ya phwete ili chuchuchu.

"Pepani amayi," ndinatero, thukuta likudontha pachibwano. "Sindinadziwe kuti..."

Apa Madamu Li anathamanga, anagwada monga anaonera kwa ife, n'kuyamba ndi Chinyanja chawo chodukaduka: "Amayi, mwayi! Masamba akugwerani, mwayi chaka chonse. Nyumba mwayi, munda mwayi!"

Amayiwo anati, "Ndiye kwanuko mwayi umachita kulavulidwa ndi mkamwini?"

Anthu anaphulika ndi kuseka, koma ine ndinangomva liwu limodzi. Mkamwini! Anali asananditchulepo choncho. Mtima unadumpha, ndinasangalala mpaka kufuna kuvinanso, chikhalirecho a Mbewe ali pamsana panga.

"Chabwino," anapitiriza akukutumula chitenje. "Tikaonera pa nsawa zanga. Zikabereka, ankhoswe abwerenso. Zikakanika, mkangowu ukafune mkazi kunkhalango ya Luangwa."

Chikondwerero chinapitirira bwinobwino. Ana anaimba, ndipo Madamu Li analira ndi chimwemwe, akuti ngakhale kwawo sanaonepo mkango wogwadira munthu. A Mbewe mpaka lero amandipatsa moni wa pakamwa pokha.

Naomi atamva anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anandifunsa ngati ndimadziwa kugwira khasu. Ndiye Loweruka lililonse ndimapalasa njinga kupita ku Kasenengwa, khasu litamangidwa pakaliyala. Apongozi amandiona ndili m'munda mwawo, ndipo sabata yatha ananditumizira thobwa. Nsawazo zikuoneka bwino, anthuni, masamba ali biriwiri. Madamu Li amandiuza kuti ndisavutike, mwayiwo ugwira ntchito wokha. Ndimawakhulupirira ndithu, koma mwayi wa ku China sudziwa kupalira, ndipo ine Naomi ndikumufuna.